Kupala Disiki kapena Kugula Ina: Mbiri ya Ntchito Yokonza Mabuleki ku Vubwi, Katete ndi Sinda

Mabuleki a kutsogolo a magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi zinthu ziwiri zimene zimadyeka: mapadi ndi disiki. Disiki ndi chitsulo chobulungira, chophwatalala, chimene chimazungulira limodzi ndi wilo, ndipo mapadi amaipana mbali zonse ziwiri dalaivala akaponda buleki. Mapadi ndiwo amatha msanga, ndipo akatha palibe amene amatsutsa kuti asinthidwe. Pamene pamagona nkhani ndi pa disiki. Makaniko akaivundukula n'kupeza mizere kapena mlomo m'mphepete mwake, pamakhala njira zitatu: kuipala pa makina kuti isalalenso, kumene amakaniko amati kusikima, kuichotsa n'kugula ina, kapena kuisiya mmene ilili n'kungoika mapadi atsopano. M'maboma a Vubwi, Katete ndi Sinda, m'chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia, yankho la funso la kupala kapena kusintha zitsulo za mabuleki lakhala likusintha kwa zaka pafupifupi 100, motsatira misewu, mtundu wa magalimoto ndi kupezeka kwa ndalama zakunja zogulira masipeya.

Galimoto isanafike kuno, katundu ankayenda pamutu. Tauni ya Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, itakhazikitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, nsalu, mchere ndi makasu zinkabwera ndi amtengatenga kudzera ku Tete ndi ku Nyasaland, ndipo fodya wa m'mafamu a azungu ankatulukira njira zomwezo. Ngolo zikuluzikulu zokokedwa ndi ng'ombe zinali ndi buleki yake, chipika cha mtengo chokanikiza pa wilo, ndipo chikatha munthu ankangosema china. Msewu wa Great East Road unalambulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, mlatho woyamba pa mtsinje wa Luangwa unamangidwa mu 1932 ndi ndalama za Beit Trust, ndipo mu 1935 likulu la dziko linasamuka ku Livingstone kupita ku Lusaka. Kuyambira pamenepo malole ndi mabasi, monga a kampani ya Thatcher and Hobson, anayamba kudutsa pa Sinda ndi pa Katete, ndipo malo awiriwa anakula ndi msewuwo. Vubwi, dera la Mfumu Pembamoyo, inatsalira pangodya, m'mapiri a kumalire ndi Malawi ndi Mozambique, kutali ndi msewu waukulu. Kusiyana kumeneku kukuonekerabe mpaka lero m'kadyekedwe ka mabuleki.

Magalimoto oyambirirawo analibe disiki. Anali ndi mabuleki a dilamu, mtundu umene Louis Renault anauika pa magalimoto ake ku France mu 1902. Dilamu ndi chitsulo cholowa m'kati chimene chimazungulira ndi wilo, ndipo m'kati mwake mumakhala zitsulo ziwiri zopindika, mashuzi, zimene zimatambasuka n'kukhula khoma la dilamuyo. Pamwamba pa mashuzi pamamatidwa layining'i, chinthu cholimba chopirira kutentha. Mngelezi wina dzina lake Herbert Frood, amene anayambitsa kampani ya Ferodo mu 1897, ndiye anatchuka ndi kupanga zimenezi, ndipo posakhalitsa anayamba kusakanizamo asibesitosi, mwala wa ulusi umene sugwira moto. Wina mwa asibesitosi wa pamsika wa dziko lonse ankakumbidwa ku Shabani ndi ku Mashaba, ku Southern Rhodesia, dziko limene amuna ambiri a Kum'mawa ndi a ku Nyasaland ankapitako kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Poyamba mphamvu ya phazi inkafika ku mawilo kudzera m'ndodo zachitsulo ndi mawaya. Mabuleki oyendera mafuta, amene Malcolm Loughead anawakonza ku America cha m'ma 1918, anafala pang'onopang'ono. Kampani ya Ford inawalandira mochedwa, mu 1939.

Pa dilamu ndi pamene mwambo wopala unabadwira. Msewu wafumbi umalowetsa mchenga m'kati mwa dilamu, ndipo mchengawo sutuluka msanga chifukwa malowo ndi otsekeka. Layining'i ikatha, mitu ya maliveti amene ankaigwirizira inkayamba kukanda chitsulo n'kukumba mizere. Makaniko wa nthawi imeneyo sankataya kanthu. Ankagogoda maliveti akale, n'kudula layining'i ina, n'kuikhomerera pa mashuzi omwewo. Dilamu yokandika inkapita ku makina a lathe kukapalidwa m'kati, ndipo popeza kupala kumakulitsa mphako yake, ankaika layining'i yokhuthalako kuti zikumane bwino. Opanga magalimoto ankayembekezera zimenezi: madilamu a malole a Bedford ndi a Land Rover, imene inayamba kupangidwa mu 1948 n'kukhala galimoto ya mabwanamkubwa, amishoni ndi alangizi a zaulimi, anali okhuthala, ndipo mabuku a amakaniko ankanena malire a kukula kwa mphako amene sayenera kupyoledwa. Pa madilamu ambiri a magalimoto aang'ono malirewo ankakhala pafupifupi milimita imodzi ndi theka kuposa mphako ya dilamu yatsopano. Chotero kupala kunali mbali ya moyo wa chitsulocho, yoikidwiratu ndi amene anachipanga.

Anthu akuda sanaloledwe kulowa ntchitoyi pakhomo lalikulu. Mu ulamuliro wa atsamunda, malamulo a Northern Rhodesia ankasungira azungu maphunziro a umisiri a m'mafakitale mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Mnyamata wa ku Katete kapena ku Chadiza ankaphunzira ali sipanala boyi: kupatsira zida, kutsuka zitsulo m'palafini, kupopa buleki pamene bwana akutulutsa mpweya m'mapaipi, maso ali pa manja a bwanayo. Ena anaphunzirira m'magalaja a boma, ena m'mafamu a fodya, ena pa mishoni monga chipatala cha St Francis ku Katete, chimene chinatsegulidwa mu 1948 ndipo chinkadalira magalimoto ake, ena ku migodi ya ku Copperbelt ndi ku Southern Rhodesia. Pobwerera kumudzi ankabwera ndi bokosi la masipanala ndi luso la m'manja ndi m'makutu. Chimene ambiri sanapatsidwe ndi buku la miyezo ndi zida zoyezera, pakuti izi zinkakhala m'kabati ya kapitawo. Mpata umenewu, wa luso lalikulu lopanda choyezera, ndiwo muzu wa mavuto ambiri amene ntchito ya mabuleki ili nawo kumidzi mpaka pano.

Dziko litalandira ufulu mu 1964 zinthu zinatseguka. Masukulu a ntchito zamanja anakhazikitsidwa m'zigawo, mlatho watsopano wa Luangwa unatsegulidwa mu 1968, ndipo msewu wa Great East Road unaikidwa phula. Boma litatenga makampani ambiri kutsatira mfundo za ku Mulungushi za mu 1968, magalimoto akuluakulu a m'chigawochi anakhala a mabungwe a boma: mabasi a United Bus Company of Zambia (UBZ), malole onyamula chimanga ndi feteleza a NAMBOARD ndi a Eastern Co-operative Union, ndi magalimoto a maunduna amene ankakonzedwa ndi Mechanical Services Department. Mabungwe otere anali ndi magalaja awo, ndipo makina opalira zitsulo ankapezeka kumeneko ndi m'mashopu a amisiri a m'matauni akuluakulu.

Disiki inafika m'nyengo yomweyi, ngakhale kuti nzeru yake ndi yakale. Frederick Lanchester anailembetsa ku Birmingham mu 1902, chaka chomwe Renault anatulutsa dilamu, koma zipangizo za nthawiyo sizinkapirira, ndipo inagona zaka 50. Inadzuka pamene galimoto ya Jaguar yokhala ndi madisiki a Dunlop inapambana mpikisano wa Le Mans mu 1953, ndipo mu 1955 Citroën DS inatuluka ndi madisiki kutsogolo. Ku Zambia anthu ambiri anaidziwira pa magalimoto monga Peugeot 504 ndi a Fiat, amene ena mwa iwo ankalumikizidwa ku fakitale ya Livingstone Motor Assemblers kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Ubwino wa disiki ndi woti ili pamtetete. Buleki iliyonse imaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo dilamu imasunga kutenthako m'kati, n'kufufuma, n'kutalikira mashuzi, mpaka phazi limafika pansi galimoto ikupitabe. Disiki imapepedwa ndi mphepo, imataya madzi ndi matope msanga, ndipo ikatentha imafufumira kumene kuli mapadi. Aliyense amene anatsikapo zitunda za Manenekela, pakati pa Rufunsa ndi mlatho wa Luangwa, ndi galimoto yodzaza katundu amadziwa phindu la kusiyana kumeneku. Malole ndi mabasi akuluakulu ambiri anakhalabe ndi madilamu, ndipo magalimoto aang'ono ambiri mpaka lero ali ndi disiki kutsogolo, dilamu kumbuyo.

Madisiki atangoyamba kufala, dziko linalowa m'zaka za kusowa. Malire ndi Rhodesia anatsekedwa mu January 1973, mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndipo ndalama zakunja zinayamba kugawidwa mwa chilolezo. Chipangizo cha galimoto chinasanduka chinthu chodikira miyezi. Kugulitsa ndalama zakunja pa okushoni, kumene kunayamba mu October 1985, kunagwetsa mphamvu ya kwacha, moti chimene chinkapezeka m'shopu chinali chosagulika. Kum'mawa kunali vuto linanso, nkhondo ya ku Mozambique, imene m'zaka za m'ma 1980 inasokoneza midzi ya m'malire ku Katete ndi ku Chadiza ndi ulendo wa pa msewu wa Chanida. Anthu wamba anadalira njinga, ndipo fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata inapanga njinga za Eagle zimene zinadzaza misewu ya chigawochi. Magalimoto ochepa amene anatsala ankayenda chifukwa cha amakaniko. Galimoto imodzi inkaphwasulidwa kuti ziwiri zikhale ndi moyo. Zitsulo za kumbuyo kwa mapadi otha zinkamatidwanso layining'i yodulidwa kuchokera ku ya lole. Disiki inkapalidwa kamodzi, kawiri, katatu.

Amisiri a nthawi imeneyo ayenera kulemekezedwa, pakuti popanda iwo odwala sakanafika ku St Francis ndipo chimanga chikanaolera m'madepoti. Komabe m'zaka zomwezi ndi mmene malire a wopanga anaiwalika. Funso linasiya kukhala lakuti chitsulo chatsala chochuluka bwanji, n'kukhala lakuti kodi chikugwirabe. Anyamata amene anaphunzira ntchito nthawi imeneyo anatengera kuti disiki imapalidwa malinga ngati ili ndi poipala, ndipo iwo ndiwo anadzaphunzitsa amakaniko ambiri a lero.

Chimene makina a lathe amachita pa disiki n'chosavuta kufotokoza. Disiki imamangidwa pa mtanda wozungulira, ndipo timipeni tolimba timasenga chitsulo pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri mpaka mizere itatha ndipo nkhope ziwirizo zitalingana. Wodziwa ntchito amasenga zochepa kwambiri, tizigawo ta milimita, n'kumaliza ndi kusalaza kuti mapadi atsopano akhale bwino. Alipo makina ena amene amapala disiki ili pa galimoto pomwepo, ndipo awa amakonzeratu kupendama kumene kumachokera pa habu, chitsulo chimene disiki imakhalapo. Koma chitsulo chosengedwa sichibwerera. Disiki imapangidwa ndi chitsulo chosungunulidwa n'kuthiridwa m'chikombole, ndipo kulemera kwake ndiko kumamwa kutentha. Ikapyapyala imatentha msanga, imang'aluka msanga, ndipo pisitoni ya mu kalipa, chitsulo chogwira mapadi, imatuluka patali kuposa mmene inayenera kutulukira. N'chifukwa chake pa madisiki ambiri, m'mphepete kapena pakati, wopanga amadindapo zilembo zakuti MIN TH ndi nambala ya mamilimita. Pa magalimoto aang'ono ambiri mpata wa pakati pa disiki yatsopano ndi nambala imeneyi ndi mamilimita awiri okha kapena kucheperapo: disiki ya mamilimita 22, mwachitsanzo, malire ake amakhala pafupi ndi 20. Ndiye kuti mbali iliyonse ili ndi milimita imodzi yoti idyeke moyo wake wonse. Disiki imene yadya kale mapadi awiri kapena atatu kawirikawiri imakhala ilibenso chopereka kwa lathe.

Muyezo wa kukhuthala kwa disiki umatengedwa ndi micrometer, pamalo angapo kuzungulira disikiyo, m'kati pang'ono mwa mlomo wa m'mphepete, chifukwa mlomowo sudyeka ndipo umanamiza. Kupendama kumayezedwa ndi dial gauge disiki ikuzungulira, ndipo opanga ambiri salola kupyola gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Ena amafuna theka la zimenezo. Izi diso silingaone ndipo chala sichingamve.

Chaka cha 1991 chinatembenuza zonse. Boma la MMD motsogozedwa ndi Frederick Chiluba linamasula malonda ndi ndalama zakunja, UBZ inathetsedwa mu 1995, ndipo magalaja a mabungwe a boma anatsekedwa kapena kugulitsidwa. Amakaniko ake anabalalika, ena n'kutsegula magalaja pansi pa mitengo m'mbali mwa msewu pa Katete ndi pa Sinda. M'malo mwa mabasi a boma munalowa maminibasi a Toyota Hiace, ndipo pambuyo pake magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan anasefukira kudzera ku madoko a Durban ndi Dar es Salaam: Corolla, Spacio, Noah, Sienta, ndi malole aang'ono a Mitsubishi Canter amene amanyamula mtedza, soya, thonje ndi fodya nthawi ya misika. Magalimoto amenewa anapangidwira misewu yosalala ndi katundu wopepuka. Pofuna kuchepetsa kulemera ndi kumwa mafuta, opanga anapyapyalitsa madisiki, ndipo ku mayiko kumene ntchito ya makaniko ndi yodula anthu anasiya kupala n'kumangosintha.

Msika wa masipeya nawo unasintha. Madisiki ndi mapadi ochokera ku China, India, South Africa ndi Dubai anadzaza mashopu a ku Lusaka ndi ku Chipata, ndipo kwa anthu a ku Vubwi, Mchinji ndi Lilongwe sizili kutali: kuchokera ku Chipata kupita ku Lilongwe ndi pafupifupi makilomita 140, pamene ku Lusaka ndi oposa 550. Kunabweranso madisiki ochotsedwa pa magalimoto ophwasulidwa, amene ogula ambiri amawakhulupirira poti ndi a kufakitale. Ena mwa iwo amakhaladi abwino, koma disiki yakale ndi yakale, ndipo yosayezedwa ikhoza kukhala yopyapyala kuposa imene ikuchotsedwayo. Zatsopano nazo sizifanana. Zilipo zolimba ndipo zilipo za chitsulo chosalongosoka zimene zimayamba kunjenjemera patangopita miyezi yochepa.

Kuwerengera kwa mwini galimoto kunasintha motero. Makina a lathe amafuna magetsi odalirika ndi mmisiri wake, choncho amapezeka m'matauni akuluakulu. Mwini takisi wa ku Vubwi akafuna kupalitsa, galimoto imakhala pa miyala, madisiki amakwera galimoto ina kupita ku tauni, ndipo pa mtengo wopalira pamaonjezeka thiransipoti ndi masiku osagwira ntchito. M'zaka za kuzimazima kwa magetsi, monga 2015, 2019 ndi 2024 pamene madzi anachepa ku Kariba, kudikirako kunkatalika. Pa galimoto yofala ngati Corolla, zonsezi zikaphatikizidwa zimayandikira mtengo wa disiki yatsopano. Kupala kunatsalira pamene kuli ndi phindu lenileni: pa madilamu a malole ndi mabasi, pa madisiki okhuthala a magalimoto monga Land Cruiser, ndi pa magalimoto osowa amene sipeya yake iyenera kuitanitsidwa kunja.

Mu 2012 boma la Michael Sata linapatula Vubwi ku Chadiza, ndipo Sinda inapangidwa kuchokera ku mbali za Katete ndi Petauke. Maofesi atsopano anabweretsa magalimoto a boma, a makhonsolo ndi a ogwira ntchito, ndipo ku Vubwi kukumba golide kwa anthu wamba kunaonjezera oyenda. M'zaka zotsatira msewu wa Great East Road unamangidwanso kuchokera pa mlatho wa Luangwa mpaka pa chipata cha Mwami, mtunda wa makilomita pafupifupi 360. Apa madisiki a m'maboma atatuwa anayamba kudwala matenda awiri osiyana. Pa msewu waukulu mdani ndi kutentha. Liwiro likawirikiza kawiri, kutentha kumene buleki iyenera kumwa kumawirikiza kanayi, ndipo Noah yonyamula anthu ndi matumba kupyola muyezo, imene imaima pafupipafupi chifukwa cha mahampu, njinga, ngolo ndi ziweto, imaotcha madisiki mpaka kuchita mawanga obiriwira ndi ming'alu ing'onoing'ono. Kumapeto kwa August, pamene anthu a mayiko atatu amakhamukira ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba wa Kalonga Gawa Undi, magalimoto otere amagwira ntchito usana ndi usiku. M'misewu yafumbi ya ku Vubwi mdani ndi mchenga ndi matope. Liwiro ndi lochepa, koma timiyala timalowa pakati pa padi ndi disiki n'kukumba mizere, matope amaumitsa timapini ta kalipa moti padi imodzi imadyeka yokha, ndipo zitunda zimachititsa dalaivala kutsetsereka phazi lili pa buleki m'malo motsitsa giya. Disiki ya mizere yosazama, ngati chitsulo chilipo, lathe imaichiritsa. Disiki yopsa ndi yong'aluka lathe siichiritsa, chifukwa kuumako kumalowa m'kati mwa chitsulo ndipo mawanga amabwereranso.

Kumidzi njira yofala kwambiri ndi yachitatu ija, yongoika mapadi. Njirayi payokha si yolakwika. Opanga magalimoto ambiri amanena kuti disiki yosalala, yosanjenjemera, imene ili pamwamba pa malire, isapalidwe n'komwe. Kuipukuta ndi sandipepa kuti kunyezimira kuchoke n'kokwanira. Kulakwa kumabwera pamene chigamulo chaperekedwa popanda kuyeza, kapena pamene galimoto yabwera mochedwa, itayamba kale kulira chitsulo pa chitsulo. Padi imayenera kuchoka ikatsala mamilimita awiri kapena atatu, koma eni magalimoto ambiri amadikira phokoso, ndipo masiku ochepa a phokosolo amawononga disiki imene ikanakhala zaka. Padi yatsopano ikaikidwa pa disiki ya mizere yozama imagwira pa nsonga za mizereyo pokha, buleki imafooka, ndipo padiyo imatha msanga. Choipa koposa ndi chizolowezi cha ena chosenga mlomo kapena nkhope ya disiki ndi galainda ya pamanja. Dzanja la munthu silingasunge gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, ndipo kuchotsa mlomo kumangobisa umboni wakuti disiki yatha.

Kunjenjemera kwa chiwongolero poponda buleki nako kuli ndi mbiri ya kusamvetsetsana. Anthu amati disiki yapindika, ndipo mankhwala ake amati ndi kusikima. Nthawi zambiri chimene chachitika n'chakuti disiki yadyeka mosalingana, pena yakhuthala pena yapyapyala, ndipo gwero lake lili kwina: dzimbiri kapena dothi lotsalira pa habu pomanga, manati a wilo omangidwa mopyola muyezo ndi paipi yoonjezera pa sipanala, beling'i yogwedera, kapena kuima nthawi yaitali phazi lili pa buleki disiki ili yotentha, zimene zimasiya chidindo cha padi pa chitsulo. Kulowa m'madzi a m'zithaphwi ndi m'mitsinje madisiki ali moto kumawonjezera vutolo m'nyengo ya dzinja. Ngati gwerolo silinachotsedwe, disiki yopalidwa ndi yatsopano yomwe zimayambanso kunjenjemera. N'chifukwa chake amakaniko osamala amatsuka habu mpaka kuwala, amamanga manati modumphitsa, amadzoza timapini ta kalipa, ndipo amakonza mbali zonse ziwiri pamodzi, kumanja ndi kumanzere, kuti galimoto isakokere kumodzi. Akamaliza amaiyendetsa n'kuima mofatsa kangapo kuti mapadi azolowerane ndi chitsulo asanaipereke kwa mwini wake. Mafuta a mabuleki nawonso amakalamba chifukwa amamwa chinyezi: a mtundu wa DOT 3 atsopano sawira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi akhoza kuwira pa 140, ndipo akawira pa chitunda buleki imasowa ngakhale disiki ili yabwino.

Ntchitoyi ili ndi chiopsezo chimene akale sanauzidwe. Fumbi la asibesitosi limawononga mapapo ndipo limayambitsa khansa patapita zaka zambiri. Japan inaletsa asibesitosi m'mabuleki mu 2004 ndipo South Africa inamuletseratu mu 2008, koma mayiko ena akumugwiritsabe ntchito, ndipo paketi ya mapadi otsika mtengo sinena nthawi zonse zimene zili m'kati. Chizolowezi chouzira fumbi la m'dilamu ndi pakamwa kapena ndi kompulesa chiyenera kutha. Nsanza yonyowa imagwira ntchito yomweyo.

Kumbali ya malamulo, bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998 kuti liyang'anire maphunziro a ntchito zamanja, ndipo lili ndi mayeso amene munthu wophunzirira pa galaja akhoza kulemba n'kulandira satifiketi. Bungwe la RTSA linabwera ndi lamulo la pamsewu la mu 2002, ndipo ndilo limapereka chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino. Chiphasocho chimanena za tsiku limene galimoto inaonedwa; miyezi yotsatira, mabuleki amakhala m'manja mwa mwini wake ndi makaniko wake. Njinga zamoto zimene zachuluka m'midzi ya Kum'mawa m'zaka zaposachedwa zabweretsanso madilamu aang'ono ndi anyamata ambiri atsopano pa ntchitoyi, ndipo ambiri a iwo akuphunzira monga anaphunzirira masipanala boyi akale, poonerera.

Lathe ndi makina odula, ndipo si galaja iliyonse ya pa Vubwi, Katete kapena Sinda imene ingakhale nawo. Micrometer ndi kachida kokwana m'thumba, ndipo mtengo wake sufika patali poyerekeza ndi wa madisiki awiri. Galaja imene ili nayo ikhoza kugamula molondola ngakhale ilibe magetsi: disiki yosalala imene ili pamwamba pa nambala yodindidwa isiyidwe, ya mizere kapena yonjenjemera ipalidwe pokhapokha ngati idzatsalebe pamwamba pa nambalayo ikachoka pa lathe, yong'aluka, yopsa kapena yofika pa malire ichotsedwe pamodzi ndi inzake ya mbali inayo.